Chambo chinapita kuti, nanga damu lingachibweze?

Amene munayendapo pa msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay mukuwadziwa anyamata aja oima m'mbali mwa tala, nsomba zili m'mwamba, kukodola galimoto iliyonse yodutsa. Mukagula amakumangirirani pa galasi la kumbali kuti zizipitidwa mphepo mpaka mukafike kwanu. Zimenezo zikadalipo. Chasintha ndi nsombayo. Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 amasimba za chambo chimodzi chodzaza mbale, mutu ndi mchira zili kunja. Lero zambiri zimene timagula m'dzina la chambo ndi kasawala, ana a chambo amene sanaikirepo mazira ndi kamodzi komwe, ndipo chambo chenicheni chikapezeka umangofunsa mtengo n'kupitirira kukagula mulu wa bonya.

Koma mukatsegula mabuku a nthambi ya boma yoona za nsomba mupeza zodabwitsa. Nsomba zophedwa m'dziko muno sizinachepe, zachuluka. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 asodzi onse pamodzi ankabweretsa kumtunda matani 60,000 kapena 70,000 pachaka, pamene m'zaka zaposachedwapa chiwerengerocho chakhala chikudutsa matani 150,000. Kungoti gawo loposa theka la muluwo ndi usipa. Akudya nawonso achuluka: kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Ndiye wina akamati nsomba zatha m'nyanja, mnzake n'kumati ayi zilipo zambiri, onse akunena zoona, kungoti akunena nsomba zosiyana. Lamulo lothandiza nsomba iyi likhoza kukhala lopanda ntchito kwa inzake, ndipo mikangano yambiri ya kunyanja imachokera pa kuiwala zimenezi.

Tiyambe ndi chambo chomwecho, pakuti kuvuta kwake kuli m'kaswedwe kake. Dzinali likuimira mitundu ingapo ya nsomba zapachibale zimene zimapezeka m'Nyanja ya Malawi ndi m'madzi oyandikana nayo monga Malombe, kwina kulikonse kulibe. Nyengo yoswana ikafika, champhongo chimada bii, chimapita pa mchenga n'kukumba chisa chozungulira ngati lichero, pakati pake pali kachulu. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo n'kuwatolera m'kamwa nthawi yomweyo. Mazirawo amaswera m'kamwamo, ndipo kwa milungu ingapo mayiyo sadya kwenikweni. Amasamukira kumadzi osaya kumene kuli bango ndi udzu wa m'madzi, kumatulutsa anawo kuti adye, chinthu chikawaopsa n'kuwabwezanso m'kamwa. Mazira a chambo chimodzi ndi mazana angapo chabe, ndipo mwana wake m'nyanja amatenga zaka ngati 3 kuti nayenso ayambe kuswa.

Tsono taganizani khoka likukokedwa pagombe pa nyengo imeneyo. Limasalaza zisa, limakola champhongo chimene sichifuna kusiya chisa chake, limakolanso chachikazi ndi banja lonse lili m'kamwa. Amene anathandizako kukoka khoka anazionapo: nsomba ikamaphiriphitha pa mchenga imalavula tiana tonga mpunga, timene timauma pomwepo dzuwa likangotiwomba. Kenako pamabwera neti ya udzudzu, ija yolandira kusikelo, yosokereredwa ku thumba la khoka kapena yokokedwa ndi ana awiri m'mbali mwa bango, n'kusesa ngakhale tija tinapulumuka. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, ndipo mitundu itatu ya chambo inalowa m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Chenjezo silinabwere dzulo. Rosemary Lowe wa ku England anafufuza chambo kuyambira 1945 mpaka 1947 n'kulemba za kaswedwe kake, nthawi imene usodzi wa malonda wa Agiriki a banja la Yiannakis unali utayamba kale kumwera kwa nyanja. Mu 1968 kunayamba maboti a injini okoka ukonde pansi pa madzi. Chitsanzo cha nsomba yotha nacho sichinachedwe kuoneka. Ntchila, imene m'ma 1950 inali pakati pa nsomba zophedwa kwambiri, ankaidikirira pamene mitsinje imathirira m'nyanja ikamakwera kukaswa, ndipo lero achinyamata ambiri a kunyanja sakuidziwa n'komwe.

Kuti muone kutha kwa chambo chapafupi, pitani ku Malombe. Kwenikweni nyanjayi ndi mtsinje wa Shire umene watambasuka utangotuluka m'Nyanja ya Malawi, masikweya kilomita pafupifupi 390, ndipo malo ambiri kuya kwake ndi mamita 4 kapena 5. Mu 1982 inatulutsa chambo choposa matani 8,000. Patangotha zaka 10 chinali chitatsika kufika pa matani mazana ochepa, ndipo sichinadzukenso. Malo ake anatenga kambuzi, tinsomba ting'onoting'ono timene nato pambuyo pake tinayamba kuchepa.

Chida chimene chimatchulidwa kwambiri pa imfa imeneyi ndi nkacha. Ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono umene maboti awiri amauzunguliza pakati pa nyanja, kenako munthu mmodzi amamira kukamanga chingwe cha m'munsi kuti ukondewo usanduke thumba, n'kuukoka. M'madzi osaya ngati a Malombe nkacha imafika pansi penipeni n'kuzula udzu uja umene ndi nazale ya kasawala. Ambiri a nkacha sankasaka chambo, ankasaka kambuzi. Chambo chinkangofera limodzi, ana ake akulowa m'thumba lomwelo, malo ake obisala akupalidwa tsiku ndi tsiku.

Mu 1993 boma, mothandizidwa ndi mabungwe akunja, linayesa njira yatsopano komweko. M'malo modalira alonda ochokera ku ofesi, anthu a m'magombe asankhe makomiti awo, ma BVC, aziyang'anira okha. Lamulo la za usodzi la 1997 linadzavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Papepala zinali bwino, pagombe zinavuta. Makomiti ambiri anadzaza anthu osasodza, ena atakopeka ndi tindalama ta pamisonkhano. Eni zida, amene anayenera kugula ukonde wa maso akuluakulu, sanaone amene awabwezere ndalamayo. Alovi, antchito a pa maboti, amene malipiro awo ndi gawo la nsomba za tsiku limenelo, analibe chifukwa chokondera lamulo lochepetsa nsombazo. Mafumu ena ankalandira mawe, nsomba za ulemu zochokera kwa asodzi obwera, moti komiti ikathamangitsa mlendo wa nkacha inkakhala ikuchotsa ndiwo pa mbale ya mfumu. Mapeto ake anthu anaiona komitiyo ngati mwana wa boma wongosungidwa m'mudzi mwawo.

Chapafupi pomwepo, ku Nyanja ya Chiuta ku Machinga, zinayenda mwina. Mu 1995 asodzi eni ake anatopa ndi alendo a nkacha amene ankasesa nsomba, kuvundula madzi akumwa ndi kugwetsa mtengo pagombe. Anapanga makomiti popanda wowatuma n'kuwathamangitsa. Dzina la komiti ndi lomwelo, koma ku Chiuta lamulo linali ndi mwini wake wogona pagombe pomwepo, amene akaona nkacha mtima unkamupweteka yekha. Chimene chinatsala ndi vuto la malire, popeza nyanjayi ndi ya Malawi ndi Mozambique, ndipo chida choletsedwa tsidya lino chikaloledwa tsidya linalo nsomba zophedwazo ndi zomwezo.

Kumene umwini wa lamulo umaoneka bwino ndi pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'ma 1950 usodzi wa pamenepo uli m'manja mwa ufumu wa Msosa, umene lero umadziwika ndi dzina la Makanjira. Mvula ikayamba mu Disembala aliyense amachoka pachilumba, osabwerera mpaka mu Epulo mfumu itatsegula pa mwambo wochitikira pagombe la Chikombe. Si chida ichi kapena icho chimene chimaletsedwa, usodzi wonse umaima. Nzeru yake ili pamenepa. Kuti ugwire munthu wa ukonde wa maso ang'onoang'ono umayenera kupalasa kukafika pa boti lake, kuyeza, kukangana naye. Kuti ugwire wophwanya lamulo la Mbenji umangoima pagombe n'kuyang'ana kunyanja: bwato lililonse limene lili kumeneko ndi lolakwa, ndipo mwana wa zaka 10 akhoza kukanena.

Pachilumbapo salola mowa, chamba, njuga kapena kusodza ndi nyali usiku, ndipo akazi safikapo. Ena mwa malamulowa ndi a mizimu ndi mwambo, ndipo la akazilo ine sindingathe kuliteteza pamaso pa amayi amene geni ya nsomba ndiyo imaphunzitsa ana awo. Koma wophwanya amadziwa chomutsata: chindapusa, kulandidwa zida, kapena kupirikitsidwa, ndipo woweruzayo sasamutsidwa chaka chamawa monga amachitira wa boma. Ofufuza a ku Mzuzu University ndi a University of Strathclyde ya ku Scotland atayerekeza nsomba za ku Mbenji ndi za m'madzi oyandikana nawo anapeza kuti za ku Mbenji n'zokulirapo. Komabe tisakokomeze. Chilumba n'chosavuta kutseka, gombe lotalika makilomita mazanamazana ayi, ndipo asodzi akachoka ku Mbenji mu Disembala ambiri sapita kukagona, amakasodza kwina.

Yerekezani ndi nyengo yotseka nyanja ya boma, ya Novembala ndi Disembala. Imakhudza zida zina monga makoka a pagombe, osati usodzi wonse. Chambo china chimayamba kuswa Novembala asanafike, china chimapitiriza mpaka Malichi. Kutsekako kumagwa pamene nkhokwe zili pansi ndipo feteleza akufunika, nthawi imene mlovi sangamve za nsomba za chaka cha mkuja ana akulira lero. Boti lolondera limafuna mafuta amene kawirikawiri kulibe. Lamulo limati chambo chosakwana masentimita 15 chisaphedwe, koma m'nyanja chambo cha masentimita 15 chikadali mwana. Ndipo ife a m'tauni, amene timagula kasawala pakati pa nyengo yotseka n'kumanenerera mtengo, palibe amatigwira. Wolandidwa ukonde ndi wa kugombe yekha.

Kumene kwaoneka kusintha n'kumene anthu agwirizana malo enieni oti asaponyedwe ukonde chaka chonse, makamaka m'bango ndi pa mathiriro a mitsinje, n'kulemba zimenezo m'malamulo a khonsolo kuti chindapusa chikhale ndi mano. Ku Nkhata Bay makomiti ogwira ntchito ndi bungwe la Ripple Africa atsatira njira imeneyi. Paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980, imaletsa kusodza mamita 100 kuchokera kugombe la malo ake pa chifukwa chofananacho.

Usipa ndi nkhani ina. Umakhala pakati pa nyanja, umadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama, moyo wake ndi chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mazira umangowasiya m'madzi. Kuchuluka kwake kumatsatira chakudya, chakudyacho chimatsatira mphepo. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita 700, koma kutsika kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako, ndipo kumeneko n'kumene kumadikha chonde. Mwera ukamawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, kumwera n'kukwera madzi ozizira a pansi ndi chonde chija. N'chifukwa chake dera la Mangochi lili ndi nsomba zambiri kuposa kumpoto kumene kuli kozama, n'chifukwa chakenso usipa ungachuluke chaka chino n'kusowa chaka chamawa popanda wolakwa. Usiku mukaona nyali mbuu pakati pa nyanja ngati tauni, ndi kauni ameneyo: siginala ali m'bwato kuitana usipa ndi kuwala, anzake akuzunguliza ukonde wa chilimira. Nsomba yoswa msanga chonchi imapirira kuphedwa kwambiri kuposa chambo. Choopsa n'chilimira chikafika kumadzi osaya chili ndi neti ya udzudzu, pamene chimatenga kasawala ndi utaka waung'ono. Chinanso ndi usipa wophedwa kale umene umawola pa thandala nthawi ya mvula. Matenti oumitsira ndi dzuwa, amene ayamba kuoneka m'madoko ena a Mangochi ndi Salima, amaonjezera ndiwo pamsika popanda kuonjezera ukonde m'madzi.

Ku Chilwa ndiye lamulo lalikulu ndi mvula. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira, ndipo inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2018 maboti anakhalanso pa matope ong'aluka ku Kachulu. Koma madzi akabwerera, m'zaka ziwiri kapena zitatu matemba, makumba ndi milamba zimadzazanso, asodzi n'kubwerera m'zimbowera, timisasa tawo toyandama m'mabango. Mbewu yake imachokera ku nsomba zobisala m'maiwe a mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe. Choncho kusamala Chilwa n'kulondera maiwe amenewo pa chilala, kuti wina asathiremo katupe wophera nsomba kapena kusesamo ndi neti. Mafumu ndi asodzi anagwirizana zimenezi nyanja itauma mu 1995.

Nsomba zina zimaphedwa ndi nkhwangwa ndi khasu. Mpasa imakwera mitsinje ngati Bua ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Mapiri akametedwa, anthu n'kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi limakwirira timiyalato. Bua wasunga mpasa makamaka chifukwa chigawo chake cha kumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota.

Anthu akamva zonsezi amathamangira kunena kuti basi tizingoweta. Maganizowo si atsopano. Ulimi wa nsomba unayamba m'ma 1950 ku Nchenachena ku Rumphi ndi ku Domasi ku Zomba, kumene lero kuli likulu la kafukufuku wa ulimiwu. Patha zaka zoposa 60, madamu akumbidwa masauzande, koma nsomba zowetedwa sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a nsomba za m'dziko muno. Chifukwa chake chimaoneka mukaima pa damu limodzi.

Nthawi zambiri ndi la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, lokumbidwa ndi makasu a kalabu pulojekiti itabwera, mbewu yoyamba yaulere. Muli makumba. Chakudya ndi madeya, pamene alipo, chifukwa madeya omwewo akufunidwa ndi nkhuku, nkhumba, ophika kachasu, ndipo mu Januwale ndi eni nyumba amene. Makumba m'damu amayamba kuswa akadali aang'ono, moti pakutha miyezi inayi mumakhala ana, zidzukulu ndi makolo kulimbirana madeya omwewo. Pokolola mlimi amapeza nsomba zambiri zedi, koma zonse zonga zala zitatu. Amasankha zazikuluzo n'kugulitsa, zotsalazo n'kuti ndiyo mbewu. Apa m'pamene pali chilema chachikulu. Mlimi yemweyo ku chimanga amasunga ngala zazikulu kuti adzabzale, koma ku nsomba amadya zokula msanga n'kusunga zopinimbira kuti zibereke. Akachita zimenezo kasanu, wadzipangira yekha mtundu wa nsomba zosakula.

Zokonza zake si zamatsenga. Damu likhale lakuya mita imodzi kumtunda kwake ndi mita ndi theka kumunsi, kuti lisaphwe msanga ndiponso nsomba zipeze pothawira kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pamene zimangokhala osakula. Manyowa a nkhuku kapena a mbuzi aziikidwa m'thumba kapena m'kakhola pakona mpaka madzi abiriwire, chifukwa kubiriwirako ndiko chakudya chenicheni cha makumba. Poyesa mumalowetsa mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chikamaoneka bwinobwino ndiye kuti damu lili ndi njala, chikasowa mkono usanalowe n'komwe ndiye kuti mwaonjeza, ndipo m'mamawa mudzapeza nsomba zikupuma pamwamba. Muziika nsomba zowerengeka, ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita ngati mulibe chakudya cha kufakitale, makamaka zamphongo zokhazokha, popeza zimakula msanga ndipo siziswana. Pokolola muziphwetsa damu lonse, liume, muthiremo laimu, mbewu mukagule yatsopano kwa woswetsa wodziwika. Zotsalazo ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku ndi katumbu, ng'azi, mbalame ndi akuba a miyendo iwiri, ndiye damu la kutali ndi nyumba limakhala la anthu ena.

Pali zina zimene mlimi payekha sangazithe. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola madamu ambiri kumwera pamodzi ndi nsomba zake. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba amene amafala ndi madzi osefukira, maukonde obwerekana, zidebe ndi mbewu yosamutsidwa mwachisawawa, zimene zikutanthauza kuti ukonde umodzi wa kalabu ukhoza kuyendetsa matenda m'madamu onse a m'mudzi ukapanda kuyanikidwa bwino.

Koma chotchinga chachikulu kwa wofuna kuchita bizinesi ndi chakudya. Kuti nsomba ilemere kilogalamu imodzi pamafunika kilogalamu ndi theka kapena makilogalamu awiri a chakudya chabwino, ndipo chimenecho chimadya ndalama zoposa theka la zonse zolowa mu ulimiwu. Kwa zaka zambiri chakudya choyandama chakhala chikuchokera ku Zambia, ndiye kwacha ikagwa damu nalo limamva. Palinso msampha wina. Chakudya cha nsomba chimafuna zomanga thupi zambiri, ndipo njira yachidule n'kugaya usipa. Tikatero ndiye kuti tatenga ndiwo ya mayi wa ku Ndirande kukanenepetsa nsomba imene idzagulitsidwe mu supamaketi pa mtengo umene iye sangaufike. Soya timalima tokha ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe, ndipo ulimi wa nsomba woyenera dziko lino uyenera kuima pa ameneyo.

Apa m'pamene pamabuka mkangano umene alimi a nsomba amaukamba mokwiya. Anzathu a ku Zambia amaweta nsomba yotchedwa Nile tilapia m'makeji, makola a ukonde oyandama pa nyanja ya Kariba ku Siavonga. Imakula msanga kuposa makumba athu, ndipo ina imalowa m'dziko muno n'kumagulitsidwa ngati chambo. Malamulo athu salola kuweta nsomba zachilendo, ndipo ngakhale carp, imene inabwera m'ma 1970, inaletsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mlimi amafunsa: bwanji mukundimanga manja pamene nsomba yomweyo ndikuipeza mufiriji ya sitolo?

Funsolo ndi lomveka, koma yankho lake lili ku nyanja za anzathu. Ku Nyanja ya Victoria anathiramo nsomba yachilendo yotchedwa Nile perch m'ma 1950, ndipo patapita zaka 30 mitundu ngati 200 ya nsomba za komweko inasowa. Ku Kariba komweko Nile tilapia yothawa m'makeji ndi m'madamu yakankhira pambali nsomba yapachibale imene inali ya m'deralo, moti nayo tsopano ili pa mndandanda wa zotsala pang'ono kutha. Nile tilapia ndi m'bale wa chambo ndi makumba: imalimbirana nazo malo oswera, ndipo imatha kukwerana ndi abale ake n'kusokoneza mtundu. Palibe damu limene silisefukira, palibe keji imene sing'ambika, ndipo madzi akatayika saoleka. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Ine ndikuona kuti chiletsocho n'cholondola. Koma woletsa ali ndi ngongole kwa woletsedwa. Nile tilapia yokula msanga ija sinagwe kumwamba: mtundu wake wotchuka unapangidwa ku Philippines kuyambira 1988 posankha zokula bwino m'badwo ndi m'badwo, monga timachitira ndi chimanga. Ntchito yofananayo pa makumba ikuchitika ku Domasi mothandizana ndi bungwe la WorldFish, ndipo ku Bunda akuphunzitsa akatswiri ake, koma mbewu yabwinoyo ikapanda kufika kwa mlimi wa ku Mulanje pa mtengo woti angathe, tsiku lina adzaoloka malire ndi chidebe usiku. Ndiponso chiletso chathu chimathera pa malire athu. Ofufuza anaipeza kale Nile tilapia m'madzi a ku Tanzania amene ali m'chigwa cha nyanja yomweyi, nkhani imene Malawi, Tanzania ndi Mozambique sangaithetse aliyense payekha.

Makeji a m'nyanja, amene kampani ya Maldeco inayamba cha m'ma 2004 ku Mangochi ndipo ena atsatira, amachotsa vuto la madzi ophwa ndi la malo, ndipo keji imodzi imatulutsa nsomba zimene madamu makumi angapo a kumudzi sangatulutse. Mavuto ake ndi ena. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zimagwera pansi, ndiye keji yoikidwa pamalo osaya, pamene madzi sayenda, imawoletsa pansi pake. Malo amene keji yakhala ndi malo amene wa matchera wachotsedwapo, ndipo ngati sanafunsidwe, usiku ukonde wa kejiyo umapezeka wodulidwa. Nsomba za m'nyanja zimasonkhana mozungulira kudzatola zotsala, zimene zikhoza kusandutsa malowo pothawirapo ngati akulonderedwa, kapena msampha ngati sakulonderedwa. Ndipo nsomba ya m'keji, ndi chakudya chake chodulacho, imapita kwa wogula wa ndalama. Singalowe m'malo mwa mulu wa usipa umene umadyetsa banja la anthu 6.

Chambo cha m'keji nachonso sichinachokere kufakitale. Makolo ake anakatengedwa m'nyanja momwemo, ndipo woswetsa aliyense wodziwa ntchito amafuna magazi atsopano pakapita mibadwo ingapo, kuti nsomba zake zisamakwerane pachibale n'kuyamba kupinimbira. Akafuna magazi amenewo amabwerera kumagombe a mchenga aja a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kumene champhongo chimakumba chisa chake ndipo khoka limadutsa mu Novembala.